Khoza Limene Silinakwere Ndege

Amayi, kumene muliko kwacha bwanji? Ndine Dominga. Kuno kwacha ndi dzuwa lomwe lija mumalidziwa, loti ana asanafike n'kusukulu komwe munthu wayamba kale kusaka mthunzi. Ndakhala pansi pa msau wanu. Mzere woyambawu ndaulemba katatu ndikufufuta, chifukwa nkhani ndili nayoyi ndikufuna muimve mwadongosolo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Rozina anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Ali ndi makutu anu enieni. Mapira chaka chino tinagawana ndi mbalame, koma nkhokwe yafika pakati. Kudimba madzi anachedwa kuphwa, mbatata tabzala mochedwa. Abale othawa nkhondo akulowabe kudzera ku Marka, ndipo awiri a kwa agogo akugona m'khitchini mwanu. Sindinawakanize, ndinadziwa kuti inu simukanatero.

Tsopano za khoza lanu la mnyanga wa njovu, lija simunkalivula padzanja lamanzere. Mukukumbukira masana aja munandiuza kuti nditenge sopo ndi madzi ofunda, ndikuvuleni? Munali mutaonda, linatuluka lokha sopo asanagwire n'ntchito. Munati, "Ili linachoka kwa amayi anga kutsidya. Iwe watenga nyumba ndi dimba. Ili ndi la Lusiya, lifike padzanja pake." Ndinavomera. Mng'ono wangayo akadali ku Mangalande pa unamwino wake. Pamaliro anu sanabwere ndipo sangabwere, chifukwa cha mwamuna wake uja anathawa boma, amene dzina lake sititchula pagulu. Ngakhale pano sindililemba.

Ndinafunsafunsa za katumizidwe. Anthu anati za pa sitima ya pamadzi zimatha miyezi, zina zimasowera m'njira. Koma ku Blantyre kuli kampani yotumiza katundu pa ndege, phukusi limafika sabata isanathe, ndipo wolandira amasaina ndi dzanja lake. Mtima wanga unakhala pamenepo. Vuto linali Chingerezi cha pa mafomu. Ndiye ndinapita kwa Zuze, mwana wa malume Jowa, kalaliki wa ku esiteti ya nzimbe, yemwe uja munkamusungira mutu wa mlamba akabwera ku holide.

Zuze anabweretsa pepala la malamulo n'kundiwerengera. Amalipiritsa potengera kulemera kwake, ndipo ukangodutsa kilo pang'ono amakuwerengera mtengo wina. Chilichonse chili m'kati chimalembedwa pa fomu ya akasitomu, chimodzichimodzi, ndi mtengo wake. Ukalemba mtengo waukulu, wolandirayo amakalipira msonkho waukulu. Nsomba zouma saloleza. Mbewu ndi zipatso saloleza. Dothi saloleza. Ndinatulutsa makakana amene ndinawamba ndekha, ndinatulutsa masau, ndipo kadothi ka pamanda anu kamene ndinaika m'bokosi la machesi ndinakabweza pomwe ndinakatapa, ndikukupepesani. M'phukusi munatsala zinthu zinayi: chitenje chanu chobiriwira, korona wanu, chithunzi cha pa ubatizo wa Lusiya, ndi khoza.

Khozalo analitembenuza nthawi yaitali m'manja. Ndinamufunsa ngati lili ndi mlandu. Anati, "Ili? Ayi asuweni, tidzangolemba kuti chibangili, basi."

Ndinasokera zonse m'nsalu yoyera ndi ulusi wakuda, msoko wanu uja wobwerera m'mbuyo, mfundo pa ngodya iliyonse. Munkandiseka kuti ine ndimawerenga ndi nthanga za dzungu zomwe ndisanakazinge. Sindinasinthe. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ndalama ya ndege ndi yoyendera ndinamupatsa Zuze m'manja, iye n'kukwera lole ya kuntchito kwawo.

Anabwerako patapita masiku atatu, nkhope ili pansi. Anati, "Asuweni, phukusi lapita, koma khoza alanda akasitomu. Mnyanga ndi woletsedwa. Ndikanati nditsutse, bwenzi pano mukundibweretsera chakudya kundende." Amayi, ndinalira ngati mwamwaliranso. Kenako ndinamuthokoza, ndinati takhuta, mwadziika pangozi chifukwa cha ife. Ndinamuphera nkhuku. Nkhuku imeneyo ikundiwawa mpaka lero. Akudya ndinamupempha mapepala onse. Anaseka, nati, "Muwawerenga ndi chiyani, Sitandade faifi yanu ija?" Koma anandiponyera, ine n'kuwasunga m'Baibulo.

Kalata ya Lusiya inafika patapita mwezi. Anati phukusi analandira, analipira kamsonkho pang'ono, ndipo chitenje chanu amagona nacho kumutu. Kumapeto anandinyogodola: kodi achemwali, munayamba liti kusoka ndi ulusi wofiira, msoko wotalikirana ngati mano a nkhalamba? Anatinso akasitomu akatsegula katundu sakhala pansi n'kumasoka. Amang'amba, n'kumata ndi tepi ya chidindo chawo. Phukusi lake linalibe tepi, ndipo fomu yomatidwa pamwamba inatchula zinthu zitatu zokha.

Ine m'nyumba muno mulibe ulusi wofiira, Amayi. Ndinakhuthula chitini chanu chosokera kawiri kuti nditsimikize.

Masiku amenewo sindinkadya bwino. Ndinkaopa kumunamizira mwana wa mlongo wanu. Ndinaganiza kuti ndikamve ndekha. Ndinakwera sitima mpaka ku Limbe, ine amene sindinadutsepo Chikwawa, mapepala nditamangira m'chiuno. Ndinasochera kawiri ndisanaipeze kampaniyo. Mayi wa pa kauntala anali munthu wabwino, anandilankhula m'Chichewa ndipo sanandifulumizitse. Nditamufunsa za khoza anati n'zoona, mnyanga sutuluka m'dziko popanda chilolezo cha boma, ndipo kumene ukupitako saulandiranso. Koma iwo salanda kanthu. Munthu akabwera ndi choletsedwa amamubwezera m'manja pomwepo kuti abwerere nacho kwawo. Anandiwerengera pepala langa la kaboni mzere ndi mzere: nsalu imodzi, korona mmodzi, chithunzi chimodzi, zonse mphatso. Chibangili panalibe. Phukusi linafika pa kauntala pawo lili losokedwa kale.

Ndinamufunsa kuti dzina langa lili pati. Analoza ndi cholembera, nati, "Lanu palibe, mayi. Wotumiza ndi bambo awa." Zuze analemba dzina lake lonse, ndi keyala ya kuntchito kwake, n'kusaina siginecha yake yopotanapotana ija. Ankafuna aoneke pamaso pa atsikana a mu ofesimo ngati munthu wa abale kunja. Pansi pake panali dzina la wolandira, Lusiya, ndi dzina la mwamuna wake, malembo akuluakulu.

Khoza sindinavutike kulifuna. Zuze ali ndi mkazi wina ku Marka, wogulitsa mchere pamsika. Ndinapita tsiku la msika, ndinagwada pa mulu wake ngati wogula. Atatambasula dzanja kuti andipimire, ndinaliona. Ndinaona ndi kachipsera kofiirira kaja, pomwe linakhudza chiwaya tsiku munkakazinga mtedza wa ukwati wanga. Ndinati, "Chakukhalani chibangilichi, mayi." Anati, "Anandigulira ku Limbe bambo a kunyumba, n'chodula." Mpendero wa chitenje chake unali wopindidwa ndi ulusi wofiira. Ndinagula mchere wa tambala zochepa, ndipo panjira ndinautaya m'ngalande.

Lamlungu titatuluka Misa ndinapita ku nyumba yake ya kuno. Ndinamupeza pakhonde akupukuta nsapato. Anati, "Asuweni afika, akazi anga a chibadwire, mwandibweretsera chiyani?" Sindinaseke. Ndinaima patali pang'ono, pomwe dzanja lake silikanafika, n'kutambasula pepala la kaboni.

Ndinati, "Zuze, Sitandade faifi yanga yandivuta. Tandiwerengere. Dzina ili pamwambali ndi la yani?"

Anati, "Ndi langa. Nanga si ndine ndinakuthandizani?"

"Nanga ili pansili, la mwini nyumba yomwe katundu anapita?"

Anasiya nsapato. Ndinamuuza kuti a tcheyamani a chipani ndimakumana nawo m'mawa uliwonse popita kumjigo, ndipo amakonda kufunsa ngati m'mudzi muno muli anthu olemberana ndi aja anathawa. Ndinati ine ndine mayi wosaphunzira, sindidziwa zomwe zinalembedwa apa, mwina iwo angandithandize kuwerenga.

Milomo yake inayera. Anati, "Dominga, ukufuna kundiphetsa? Ndili ndi ana."

Ndinati, "Ndikufuna khoza la amayi. Lachitatu lisadutse."

Amayi, ndinapinda pepala langa n'kutembenuka kubwerera kwathu. Simukanandizindikira.

Lachitatu masana anabwera, atanyamula kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Nditatsegula ndinapeza zidutswa ziwiri. Mkazi uja ndi woyembekezera, manja anatupa, sopo anakanika, mafuta anakanika, ndipo mwini wakeyo ankakana kuti mphatso sabweza. Ndiye Zuze, ndi mantha akewo, anabwereka sowo yodulira zitsulo n'kulicheka lili padzanja, mbali ziwiri. Khoza limene linawoloka Zambezi padzanja la agogo, limene linalima nanu, kusinja nanu, kutisambitsa tonse osasweka, analicheka ngati paipi. M'mphepete munali mukadali fumbi loyera. Ndinalipukuta ndi chala, ndipo sindinadziwe koti ndipukutire chalacho.

Iye anatambasula dzanja. Anati, "Ndabweza. Pepala lija."

Ndinati, "Ndinakupatsa chinthu chimodzi, wabweza ziwiri. Sitinapangane choncho."

Anagwada pabwalo panu, mwamuna wa tayi, nkhuku zikumuzungulira. Anatchula dzina lanu, anatchula malume Jowa, anati Satana anamunyenga. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Kuyambira tsiku limenelo Zuze si munthu. Amatumiza shuga mwezi ukatha, ine ndimabweza osatsegula. Ndikamuona pa siteji akudikira lole, ndimadutsa pafupi, ndimamupatsa moni waulemu, kenako ndimasisita kachikwama kanga kamodzi kokha. Tsiku lina ndinaima dala pamsewu ndi a tcheyamani, tikukambirana za mankhwala a thonje, iye akutiona chapatali. Ndinamva kuti tsiku limenelo sanapite kuntchito, m'mimba munamutsegula. Galimoto yachilendo ikalowa m'mudzi amathawira m'mapira. Kolala ya malaya yayamba kumukulira. Mkazi wake wamkulu anabwera kudzandifunsa ngati ndikudziwa amene akulodza mwamuna wake. Ndinati sindikudziwa, apite naye kuchipatala.

Ndikudziwa chomwe mukanena. Munkati, "Dominga, iwe ukakwiya sumakalipa, umasunga, ndipo zosungazo zidzakuwolera m'mimba." Ndinakaulula kwa abambo mfumu, osatchula maina. Anandiuza kuti ndikhululuke. Ndinawayankha kuti ndamva, koma sindinafike. Sindingakunamizeni inu, ndikamuona akuonda mtima wanga umazizira bwino.

Koma pali chimene ndikuuzeni inu nokha. Pepalalo sindidzalipereka kwa munthu. Sindingathe. Lili ndi keyala ya Lusiya. Akamutenga Zuze adzafunsa kuti katunduyo anasoka ndani, ndipo adzabwera pakhomo pano, pomwe pali Rozina ndi khanda. Ndiponso anthu otengedwa motero ambiri sabwerera, ndipo ana a Zuze sanacheke kanthu. Ndinaziganiza zonsezi ndisanapite n'komwe pakhonde pake. Munthu wa Chingerezi chonsecho akanakhala pansi n'kuganiza akanaona kuti chingwe chomwe ndamumangira chamanganso ine. Koma wakuba saganiza kuti mnzake angaope zomwe iye saopa. Akuyesa kuti aliyense angagulitse m'bale wake, poti iye anatero.

Khoza ndinapita nalo kwa mmisiri wokhoma zidebe ku Bangula. Anaboola timabowo tinayi n'kulilumikiza ndi waya wa mkuwa, ine nditakhala pomwepo osachotsa maso. Lagwirana, ngakhale mizere iwiriyo ikuoneka ndipo idzaonekabe. Pa ndege silingakwere, lamulo ndalimva ndi makutu anga ndipo sindidzapatsanso munthu kuti andinyamulire. Lusiya ndamulembera mozungulira, kuti chinthu cha amayi chija chadwala koma chili moyo, chikumudikira. Sindidziwa kuti adzabwera liti. Mwina zinthu zidzasintha ndili moyo, mwina adzalandira kwa Rozina.

Pepani, Amayi, kuti munandipatsa lathunthu ndipo ndidzapereka lolumikiza. Lonjezo langa ndi ili: khoza lidzafika padzanja la Lusiya, ndipo tsiku lomwelo ndidzamuitana Zuze, ndidzayatsa pepalalo iye akuona, n'kumuuza kuti zaka zonsezi ankathawa chinthu chimene sindikanachita. Kufikira tsikulo, musandipemphe kuti ndimuuze.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu woyamba,
Dominga