Dzanja la Amayi pa Bondo la Bambo

Mlongo wanga wokondedwa,

Galimoto yatuluka kugalaja dzulo. Amakaniko awongola bampala, asintha teyala lakutsogolo, ndipo akuti pansi palibe chinathyoka. M'mawa uno bambo aitsuka n'kupita nayo kumsika, amayi ali pampando wakutsogolo.

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono chija chinatha? Kuno tadzuka. Alamu ako ali bwino, ana anga, aphwako, abwerera kusukulu, amayi akumwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi osadumphitsa. Za bambo ndiye mutu wa kalatayi.

Ndalemba m'malo moimba chifukwa ndimakudziwa. Pafoni ukanandidula pakamwa n'kunena kuti a Loya ayambapo mlandu wina. Pepala sungalidule. Uwerenge mpaka kumapeto.

Zithunzi za ulendo wa kumapiri unaziona, ndipo unayankha ndi timitima. Tinakuuzanso kuti teyala linatsetsereka pa dothi lofewa, palibe anavulala. Zonsezo n'zoona, koma si zonse.

Ndiyambe n'kukumasula pa chinthu chimodzi. Njira imene unatisankhira pa intaneti inalibe vuto. Analemba kuti ndi yosavuta kwa oyamba kumene ndiponso yoyenera banja lonse, ndipo sananame. Pamalopo njira za magalimoto amazipatsa mitundu: yobiriwira ya ophunzira, yabuluu ya ozolowera, yofiira ya amene atopa ndi moyo, monga ananenera alamu ako. Ife tinatenga yobiriwira. Ndi yadothi ndi timiyala, imakwera pang'onopang'ono pakati pa mitengo ya paini, imawoloka timitsinje tosafika n'komwe m'mawondo, ndipo pamwamba pali malo oimapo n'kumaona chigwa chonse. Alamu ako amene amaopa ngakhale kubweza galimoto m'mbuyo pageti akanatha kuyendetsamo.

Pa tala, popita, tinakhala monga mwa nthawi zonse: bambo pachiwongolero, amayi pambali pawo, ine ndi alamu ako pakati, ana kumbuyo kwenikweni. Dzanja la amayi linali pa bondo la bambo njira yonse. Alamu ako anandinong'oneza kuti ndiphunzireko, chikondi n'chimenecho, osati changa chomangofunsa malisiti. Tinaseka.

Pachipata cholowera m'nkhalango mayi woyang'anira anatipatsa mapu. Anati wogwira mapu akhale kutsogolo kuti aziwerenga zikwangwani pamphambano. Mapu ndinalandira ine, choncho ndinapempha amayi kuti tisinthane malo. Iwo anakana, ati kumbuyo amachita chizungulire. Ndinawakumbutsa kuti zaka zonse zimene bambo ankayendetsa mabasi, iwo ankakhala pampando wotsiriza uku akuluka, ndipo sindinawaonepo akusanza. Anayang'ana bambo, anayang'ana mkamwini wawo, kenako anatsika. Ndinaganiza kuti ndapambana.

Poyamba bambo anali bambo amene timawadziwa. Analowetsa giya yaing'ono yokokera mateyala onse anayi, n'kuyamba kuphunzitsa alamu ako ngati kondakitala watsopano. Ati pamiyala zala zazikulu zisalowe mkati mwa chiwongolero, chikabwerera chimathyola. Ati potsika phazi lichoke pa buleki, injini ndiyo igwire galimoto. Ati wotsika amapatukira wokwera. Mawu awo anali amphamvu. Sindinawamve choncho chipumireni ntchito.

Koma panali tinthu. Nthambi inakala chitseko cha mbali yanga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, iwo osapatuka ngakhale pang'ono. Pamphambano yoyamba anangopitirira chikwangwani chachikulu ngati chitseko cha nyumba, ndipo nditawauza anati amafuna aone ngati wamapu ali maso. Titaima pamalo oonera chigwa, mphwako wamkulu anawalozera mathithi kumbali. Bambo anatembenuza thupi lonse, mapewa ndi mapazi omwe, kuti awaone. Ndinaziona zonsezi, ndipo chilichonse ndinachipezera chifukwa chake: ukalamba, khosi louma, nthabwala.

Titapitirira pamenepo njira imakhota mozungulira thanthwe, phompho lili mbali ya wokwera kutsogolo. Si phompho la m'mafilimu. Kuya kwake n'ngati nyumba yosanja kamodzi, pansi pali miyala ndi madzi. Msewu ndi wotakata bwino. Ndinaona kuti tikusendera m'mphepete. Ndinabwezera maso pa mapu. Ndani angauze dalaivala ameneyu kumene msewu wathera?

Amene anakuwa ndi amayi, kuchokera kumbuyo. Anawaitana bambo ndi dzina lawo lenileni, lija timangoliona pa ziphaso. Chibadwire sindinalimvepo m'kamwa mwawo. Bambo anaponda buleki pomwepo, koma teyala la pansi panga linali litatuluka kale. Galimoto inapendekeka, inakhala pamimba, n'kuima. Nditasuzumira pawindo sindinaone dothi, ndinangoona nsonga za mitengo.

Tinatulukira zitseko za mbali inayo, ana poyamba. Palibe analira. Patapita nthawi kunabwera banja lina ndi galimoto yawo, anali ndi chingwe, anatikoka. Bambo anagwada, anafinya dothi m'manja n'kunena kuti mvula inalifewetsa. Mwamuna wa banja lija anavomereza, alamu ako anavomereza, nanenso ndinavomereza. Dothilo linali louma, moti linkauluka akalitaya.

Atasintha teyala, alamu ako anadzipereka kuti atitsitse. Bambo anati galimoto imene yakugwetsa umaikweranso tsiku lomwelo. Amayi anali atakhala kale kutsogolo, lamba atamanga, mapu anga atawaika pansi pa mpando.

Potsika ndinakhala kumbuyo kwa bambo, pamene ndimatha kuona dzanja lija. Silinali longopumira pa bondo. Linkagwira ntchito. Msewu ukamakhota, chala chimakanikiza mbali ya bondo, ndipo chiwongolero chimatsatira. Pakakhala mwala kapena chitsa m'mphepete, zala ziwiri zimagogoda. Pamene mbuzi inatulukira m'tchire, chikhatho chonse chinafinya bondo, galimoto n'kuima mbuziyo isanafike n'komwe pamsewu. Maso a amayi sankapuma, uku ndi uku, uku ndi uku. Bambo ankangoyang'ana kutsogolo, akusimba nkhani ya basi imene inawathera mabuleki kalekale.

Anatitsitsa osagunda ngakhale kamwala. Ine ndinazindikira zonse tili pakati pa mtsetse, pamalo osaimika galimoto, ana anga ali kumbuyo akuimba. Sindikufuna kukhalanso ndi ulendo ngati umenewo.

M'mawa mwake ndinawapeza amayi akupinda zovala m'chipinda cha kunyumba ya alendo kumene tinagona. Ndinatseka chitseko n'kuwafunsa kuti zinayamba liti. Sanayese kukana. Anati chaka chatha, tsiku limene bambo anakhula chipupa cha geti, kenako sabata yomweyo n'kutsala pang'ono kugunda munthu wa njinga. Ati kutsogolo amaona bwino, amawerenga ngakhale nyuzipepala, koma m'mbali muli mdima, makamaka mbali yawo amayiwo. Zizindikiro za zalazo sanakambiranepo. Zinangoyamba, ndipo mpaka lero palibe wazitchula pakati pa awiriwo.

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere pachipata paja. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati kodi ndimafuna avule amuna awo pamaso pa mkamwini ndi adzukulu?

Ndinawauza kuti akusewera ndi miyoyo ya anthu. Anayankha kuti maso awo ndi abwino, manja a bambo ndi abwino, ndipo awiriwo akaphatikizana amapanga dalaivala woposa mwamuna wanga. Anati ngoziyo inachitika tsiku limodzi lokha limene munthu wophunzira anawachotsa pampando. Ndipo zimenezo n'zoona.

Kenako ananena za iwe. Anati ndikumbukire mmene bambo analili atangopuma ntchito, atangokhala pakhonde ngati thumba la simenti lonyowa, osameta ndevu, osafuna kuona munthu. Ati chimene chinawadzutsa si mankhwala kapena mapemphero, ndi galimoto imene unatumiza. Anati amene adzalande makiyiwo abwere ndi matabwa a bokosi, asadzavutike kuyenda kawiri.

Titabwerera kunyumba ndinafuna kutsimikiza, chifukwa mawu a munthu mmodzi sindiwadalira, ngakhale a amayi. Ndinaika kapu ya tiyi pafupi ndi chigongono cha bambo mwakachetechete. Anakhala akudikira mpaka anafunsa ngati m'nyumba muno tiyi anathetsedwa. Tsiku lina ndinaima pambali pawo pakhonde, pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa. Anandiitana mokweza ngati ndili kukhitchini.

Sindine dokotala, koma ndawerenga. Pali matenda amene amadya maso kuyambira m'mbali, osapweteka, mpaka munthu amatsala akuona ngati akusuzumira mu paipi. Chimene chapita sichibwerera. Chimene chatsala chingathe kutetezedwa ndi mankhwala odontheza ngati munthu wafulumira, ndipo ife tataya kale chaka. Matendawa amayendanso m'magazi. Ine ndayezetsa, andiuza kuti pakadali pano ndili bwino. Nawenso upite, usadikire kuti uyambe kukhula zipupa.

Ndinalankhula nawo bambo, tili awiri. Ndinasankha mawu mosamala ndipo sindinatchule za dzanja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akupukuta magalasi awo owerengera. Kenako anati ananyamula anthu moyo wawo wonse osapha ngakhale nkhuku, ndipo sangayezedwe ndi kapu ya tiyi. Apa ndinadziwa kuti anazindikira zimene ndinachita. Anati galimotoyo sinachoke m'manja mwanga. Anawapatsa ndi mwana wawo wamwamuna, ndipo ngati mwiniwakeyo akuifuna, ali ndi pakamwa, adzanena yekha.

Ndiye mlandu wafika kwa iwe. Ndikanatha kubisa makiyi kapena kuuza amakaniko kuti aisunge galimotoyo mwezi ndi mwezi, koma bambo si mwana, ndipo akanabwereka ya mnzawo kuti andionetse. Mawu anga amawamva ngati a mwana wamkazi wokonda mikangano. Ako amawamva.

Uwaimbire pa vidiyo, akuone nkhope. Usanamizire kuti ukufuna kuigulitsa kapena kuti mapepala ake avuta. Amayi anama chaka chonse chifukwa cha chikondi, ndipo zinatifikitsa pamphepete paja. Uwauze kuti ukudziwa, kuti sukuwaona ngati munthu wotha, ndipo kuti ukuwapempha asagwirenso chiwongolero mpaka dokotala atanena. Galimoto ikhale yawo. Aziitsuka, azikhala kutsogolo, azilalatira alamu ako za magiya. Adzakukwiyira, mwina kwa nthawi yaitali. Zimene amayi ananena za pakhonde zija zingathenso kuchitika, sindikubisira. Ndaziika zonse pa sikelo kangapo, ndipo yankho likutuluka lomwelo. Chala cha amayi n'chachangu, koma mwana wothamangira mpira ndi wachangu kuposa pamenepo. Komanso amayi masiku ano amawodzera masana chifukwa cha mankhwala aja.

Pali chinanso chimene sukuchidziwa. Bambo asunga mapu aja. Ajambula ndi cholembera njira yabuluu, ndipo akuuza aliyense wobwera pakhomo kuti mukadzabwera patchuthi adzatenga ana ako n'kukawaonetsa pamwamba penipeni pa phiri.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuwerengere kalatayi ngati ukufuna, iye mutu wake umagwira msanga kuposa wako. Ana uwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Aphwako akuti amalume asaiwale nsapato zija. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatse mawu.

Ndapangana ndi chipatala cha maso Lachinayi likubwerali m'mawa. Bambo avomera kupita chifukwa ndawauza kuti oyezedwa ndi amayi, iwo angoperekeza. Bodza limenelo ndi langa, ndipo ndi lomaliza. Anena kale kuti ayendetsa okha. Njira ya kuchipatalako imadutsa pageti la sukulu ya pulayimale, nthawi imene ana amakhala akulowa. Ukapanda kuimba tsikulo lisanafike, tidzanyamuka motero, amayi kutsogolo, ine kumbuyo ndikuyang'ana dzanja.

Ndine mlongo wako,
a Loya