Pansi pa Kapepala ka Mtengo

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa achimwene,

Ndikudziwa chimene chakusowetsani mtendere chimvereni kuti ndinakafunsira ntchito kuchipatala. Mukuganiza kuti anzanu aja andichotsa m'sitolo yawo ya mankhwala, kapena ndalakwa china chake, n'chifukwa chake ndikuthawa nditangogwirako masabata asanu ndi awiri. Khazikani mtima pansi. Sanandichotse, ndipo sindinaiwale kuti ntchitoyi munachita kundipemphera ndinu. Lolani ndikufotokozereni pang'onopang'ono, mwa chizolowezi changa chija mumachidandaula.

M'sitolomo muli lamulo limene linandidabwitsa. Makatoni a mankhwala akafika, wantchito saloledwa kumata timapepala ta mitengo. Amamata ndi akazi awo a bwana okha, m'kachipinda ka kumbuyo, atatseka chitseko. Poyamba ndinkati ndi anthu okonda ntchito yawo. Kenaka ndinaona kuti pa mabotolo ena kapepalako kamakhala pachivindikiro, koma pa ena kamakhala ndendende pamene pamalembedwa tsiku lothera mphamvu. Mukudziwa achimwene, mankhwala ali ngati mkaka, ali ndi tsiku lake. Kusukulu anatiphunzitsa kuti diso liyambe laona tsikulo dzanja lisanapereke botolo.

Tsiku lina ndinayamba kukanda kapepala kena ndi chikhadabo. Mayiwo anangotulukira kumbuyo kwanga.

"Asisi, munabwera kudzagulitsa kapena kudzasenda mabotolo?" anandifunsa akumwetulira. "Zala zoyabwazo muzikakandira kwanu."

Chiyambire pamenepo anandisamutsira ku mashelefu a sopo ndi mafuta odzola, ndipo ndikamaweruka amasuzumira m'chikwama changa. Zimene zinalembedwa pansi pa kapepalako sindinazione. Ndivomere pomwepa kuti ndikungokayikira, umboni ndilibe.

Lachisanu lapitali ndinanama kuti dzino likundipweteka, n'kupita kukayankha mafunso kuchipatala kuja. Kuseri kwa tebulo kunali anthu atatu: mkulu woyang'anira antchito, dokotala wina amene ankangoseweretsa cholembera, ndi mayi wachikulire woyang'anira mankhwala. Ndinali nditakonzeka. Paja amalangiza kuti usanyoze kumene ukuchoka, uzikamba za kumene ukupita. Atandifunsa chifukwa chofunira kusiya ntchito yatsopano, ndinati ndikufuna kukhala pafupi ndi odwala ndiponso kuphunzira zambiri.

"Za kumeneko mwamaliza kale kuphunzira m'masabata asanu ndi awiri?" anatero mkulu uja. "Ndiye kuno mudzatha angati? Atatu?"

Dokotala anaseka. Mayi aja sanaseke. Anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa.

"Mwanangu, ine ndakalambira m'mankhwala. Munthu akathawa sitolo msanga chonchi, mwina waba, mwina waona zinthu. Inu muli mbali iti?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti cholembera cha dokotalayo chinali chimodzi mwa zija bwana amagawira anzawo, zokhala ndi chizindikiro cha sitolo yathu. Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa, amadziwana onse. Koma kukhala chete kukanatanthauza kuti ndine wakuba.

"Sindinabe, amayi," ndinatero. "Kungoti botolo limene sindinaone tsiku lake, sindifuna kulipereka kwa munthu."

Cholembera chija chinasiya kuzungulira.

"Tsikulo munaliona kuti linapitirira?" anafunsa dokotala.

"Ayi."

"Ndiye mukuipitsa mbiri ya munthu chifukwa cha kapepala?"

Ndinanyamuka n'kutsanzika. Ndikutuluka, mayi aja ananditsatira mpaka pakhomo n'kunena motsitsa mawu: "Tikuyankhani mwezi uno usanathe. Mukapeza choti mundionetse, chitseko changa ndi chachiwiri kumanzere. Mukapanda kupeza, musavutike kubwera."

Dzulo m'mawa anzanu aja anandipeza ndikupukuta mashelefu. "Dzino lija anazula?" anandifunsa. "Kapena anthu atatu onse linawakanika?" Sindinauze aliyense kuti anali atatu, achimwene.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizemba m'kalata yonseyi, chimenenso ndalephera kuchinena pafoni. Mabotolo atatu a mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene ndinatumizira amayi sabata yanga yoyamba, ndinawagula m'sitolo momwemo. Ndinali wonyadira kuti nanenso ndayamba kuthandiza pakhomo, moti sindinayang'ane n'komwe. Sindikukumbukira pamene kapepalako kanamatidwa.

Ndikupempha kuti mudzionere nokha, musangomvera ine. Mutenge botolo limodzi amayi asakuona, munyowetse kapepalako ndi madzi ofunda, mudikire pang'ono, ndipo mumatule mosamala kuti zilembo zisafufutike. Zimene mupezepo muzijambule pafoni n'kunditumizira. Ngati tsiku lisanakwane, ndikagwada kwa anzanu n'kupepesa, ndipo inunso mudzandikalipire mmene mungafunire. Ngati linapitirira, musayambe ndi kundiimbira. Muyambe mwakawatengera amayi mankhwala ena tsiku lomwelo, asadumphitse ngakhale m'mawa umodzi.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ntchito ikuyenda bwino, ndipo muwafunseko, ngati mukungocheza, ngati mutu uja unasiya kuwawawa.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira