Chitini cha Ababa

Qazvin, 9 Disembala 2019

Okondedwa achimwene Khosrow,

Kalata yanu yafika. Mwati chojambula changa mwachipachika pabalaza ku Hamburg, ndipo mukachiyang'ana mumamva ngati Ababa ali m'nyumbamo. Nditawerenga pamenepo ndinaona kuti ndiyenera kukuuzani zoona.

Mukukumbukira chitini cha tiyi chomwe chinkakhala pambali pa inki yawo? Zaka makumi anayi za ntchito yawo yolemba zilembo mwaluso, akasongola cholembera cha bango, ankatolera tizinyenyeswa tonse n'kuikamo, kuti tidzatenthetsere madzi owasambitsa akadzamwalira, monga anachitira mphunzitsi wawo.

Ntchito yanga sankaikonda. Ataona zilembo zanga zikuluzikulu zopiringizana pansalu, anati, "Golnar, izi ndi zilembo kapena nkhuku zapalasa? Ndiwerengere, mwina maso anga atha."

"Sizowerenga, Ababa, n'zoyang'ana."

"Ndiye ukanangojambula mphaka, anthu akanamudziwa."

Ndinapsa mtima. Iwo atapita kuchipatala, ndinakhuthula chitinicho. Tizinyenyeswa tija ndinatimata ndi guluu pansalu, n'kulembapo dzina lawo kambirimbiri mpaka silinawerengekenso. Ndinkati akachira ndidzawaonetsa, tidzakangane. Sanabwerenso kunyumba, achimwene.

Tsiku la maliro Amayi anati, "Tenga chitini cha atate ako, osambitsa akudikira." Chinali chodzaza. Dzulo lake ndinali nditagula mabango kumsika n'kuwapala ndekha.

Chojambula mwapachikacho ndi nsalu ija ndinamatapo tizinyenyeswa tawo. Munachigula pachionetsero osandiuza, ndipo ine ndinalibe pakamwa pokuletsani.

Chichokereni tsiku la maliro lija sindinalembenso. Ndikangoviika burashi mu inki ndimamva kampeni kakupala bango m'chipinda chawo, pang'onopang'ono, monga ankapalira akamaganiza. Ndikatsegula chitseko kamasiya. Ndikuopa, ndipo ndikuwasowa.

Pempho langa ndi ili. Pobwera kumwambo wokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni Ababa, mubwere nacho chojambulacho. Ndidzapala tizinyenyeswato pansaluyo, nditenthetsere madzi, ndikathire pamanda pawo. Kaya zidzawerengedwa kumeneko, sindikudziwa.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni, ali bwino, koma chonde musawauze. Lachinayi lililonse tikamatsuka mwala wa pamandapo amandisisita kumsana n'kunena kuti, "Atate ako anapita oyera, anasamba ntchito ya manja awo."

Ine mlongo wanu, amene ndinawaperekeza ndi mabango osalembapo ngakhale chilembo chimodzi,

Golnar