Mphutsi za m'Botolo la Dulce

Mongue, 9 Epulo 2024

Wokondedwa mlongo wanga Teresinha,

Ndiyambe ndi moni. Uli bwanji ku Nampulako, pamodzi ndi alamu anga a Isac? Kuno tikudzuka, kungoti mlamu wako Januária mwendo uja ukumuvutabe. Chimanga chacha bwino chaka chino, koma palibe amene akukondwa nacho.

Papita miyezi iwiri chimuikireni Dulce m'manda, ndipo foni yanga sukuyankha. Sindikukudzudzula. Unandisiyira mwana wamoyo kuti aphunzire kuno, ndipo unadzamupeza ali m'bokosi. Pali zimene sindinakuuze pamaliro paja, ndiye ndazilemba, poti pakamwa zikundikanika.

Ntchito yanga ukuidziwa. Ndimasamala maiwe atatu a kusukulu yogonera komweko, momwe mumathera madzi a kuzimbudzi ndi kubafa. Chimene chimayeretsa madziwo ndi ndere zobiriwira zija. Dzuwa likamawomba zimapatsa madzi mpweya, fungo n'kutha, ndipo madzi otsikira kukhwawa komwe amayi amachapa amakhala abwino. Ndazilera zaka zisanu ndi zitatu, mpaka anthu kumanditcha m'busa wa ndere.

M'Januwale mphutsi za udzudzu zinadzaza m'mbali mwa dziwe lachiwiri. Anayamba kuziona ndi Dulce. Anatunga madzi m'botolo, n'kulozetsa kudzuwa, n'kundiuza kuti atsibweni, tizilomboti mimba zake n'zobiriwira, tikudya ndere zanu. Ndinangoseka, ndinati akadzakula adzandilanda ntchito.

Udzudzu utachuluka, a Benjamim oyandikana nafe anabwera ndi chigubu cha oyilo wakutha wa kuchigayo, kuti tithire pamadzi mphutsizo zife. Ndinakana. Ndinati oyilo aphanso ndere, ndipo zonyansa zitsikira kwa amayi ochapa. Januária anandipempha kawiri konse kuti ndivomere. Ndinamukalipira kuti ntchito ndimaidziwa ndine.

Teresinha, mphutsi zinadya ndere mpaka dziwe linatuwa n'kuyamba kununkha. Zimene ndinkatetezazo zinapita ndithu, ndipo sabata yomweyo Dulce anayamba kutentha thupi. Zotsalazo ukuzidziwa.

Tekiniko, katswiri wa zamadzi, atabwera kuchokera ku Quelimane ndinamufunsa. Anati pokana oyilo sindinalakwe, koma ndikanamweta msanga udzu wa m'mbali momwe mphutsi zimabisala. Masiku amenewo ine ndinali kumunda, kupalira chimanga chomwechi.

Anatinso udzudzu wobadwira m'madzi onyansa kawirikawiri si umene umapatsa malungo, wa malungo umakonda zithaphwi za mvula. Januária anakhulupirira. Ine ndimayesetsa, koma mtima ukukana. Udzudzu uliwonse ukandilirira kukhutu ndimati wachokera kudziwe kwanga.

Ndere zabwerera, madzi abiriwiranso. Udzu ndimamweta m'mawa uliwonse, ndipo ndikaona kubiriwirako ndimapsa mtima.

Sindikupempha kuti unene kuti ndilibe mlandu. Pa 19 Meyi tapempha misa ya Dulce. Bwera, mlongo wanga, ngakhale kukhale kudzandilalatira, poti kukhala chete kwakoku kukundipweteka kuposa mawu alionse.

Botolo lake lija lili pawindo. Madzi anauma, koma kapepala kamene anamatapo kakadalipo, analembapo tsiku ndi dzina lake ndi dzanja lake lopendekeka lija. Januária akuti tilitaye chifukwa ndimangokhalira kuliyang'ana. Ine ndamuuza kuti mwini wake ndiwe, sililowa m'dzenje usanalione.

Mulungu akusunge ndi kukupukuta misozi. Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti nawonso ndikuwadikira.

Ndine mlongo wako,
Hilário