Kagalu ndi Mpini wa Tsache

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chinatha.

Kuntchito kwanga ku Area 12, adona abweretsa kagalu ka miyezi inayi. Akufuna kaphunzire masewera olumpha mipiringidzo ndi kudutsa m'paipi yaikulu. Lolemba lina anandiuza kuti ndiyambe kukaphunzitsa. Ine ndinapingasa ndodo yofika m'mawondo, n'kumakakoka ndi chingwe monga tinkachitira ndi agalu athu kumudzi. Kanangokhala pansi n'kumanjenjemera.

Adona atatulukira, ndinati ntchito yanga yathera pompa. Koma sanakalipe. Anangoti, "A Banda, mafupa ake akadali anthete, sikanafike polumpha." Anagoneka mpini wa tsache pakapinga, n'kugwada ndi zovala zawo zakuofesi, kachiwindi konyengerera kagaluko kali m'manja. Kagalu kananunkhiza mpiniwo kwa kanthawi, kenako kanauwoloka. Mukanaona mmene anakayamikirira, ngati kachita zazikulu. Patangopita mphindi zochepa anati, "Basi, tilekere pomwepa kakadafunabe." Kuleza mtima kotere sindinakuonepo. Lero kakuthamangira kokha m'paipi muja, mchira uli m'mwamba.

Munandiuza pafoni kuti ndizimukwapula mwana wanu Tadala akalephera kuwerenga. Mundikhululukire achimwene, zimenezo ndasiya. Ndikaweruka timawerenga mzere umodzi wokha, akakhoza ndimamuwombera m'manja. Dzulo anandichingamira panjira, buku lili m'manja.

Mukapeza mabuku a zithunzi kumeneko mumutumizire. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane