Nkhunda Zoyera Pamwamba pa Zitseko

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Uli bwanji kumeneko? Ana azolowera sukulu yatsopano? Nanga alamu, mabala akupola? Ife kuno tilipo, kupatula amayi amene mwendo uja ukuwavutabe.

Kalata yako ndinalandira. Nditafika pomwe unalemba kuti ukuuza aliyense zoti ndine ndinatulutsa amuna ako m'moto, ndiponso kuti ana amanditchula m'mapemphero awo, ndinapinda pepalalo osamaliza. Usanditamenso, mlongo wanga. Werenga kaye izi.

Ukuwakumbukira abusa atsopano aja, amene tinkawatcha a Lipenga poti safuna chimkuzamawu? Miyezi yonse ija ankalalikira kuti anthu a chipembedzo cha amuna ako ndi namsongole m'munda wa Mulungu, ndipo malo a namsongole ndi pamoto. Ine ndinkayankha ameni pamodzi ndi anzanga. Ndinkadziuza kuti ndi kalankhulidwe chabe ka paguwa.

Kutatsala masiku anayi kuti zija zichitike, mkulu wa mpingo anabwera ku shedi yanga yolembera zikwangwani. Anabweretsa mndandanda wa mashopu a mumsewu wathu, nati pamwamba pa chitseko chilichonse ndijambulepo kankhunda koyera, chizindikiro cha madalitso. Nditawerenga ndinaona kuti mashopu asanu mulibe, ndipo imodzi inali ya utelala ya alamu. Sindine mwana. Ndinazindikira tanthauzo lake.

Ntchito yanga ukuidziwa. Ndimayamba ndi choko, penti pambuyo, ndipo sindipaka chimene mwini ntchito sanavomereze. Zaka makumi awiri ndagwira choncho, ndipo ndinkanyada nazo. Nditafika pakhomo panu ndinajambula nkhunda ndi choko, yokongola ndithu. M'malo mongoviika bulashi m'chitini, chitsiru ine ndinawoloka msewu kukafunsa mkulu uja ngati ndingapake.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati kuika chizindikiro choyera pakhomo pa osakhulupirira ndi kunyoza Mulungu. Kenaka anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuti nkhunda ya pa shedi yanga nayonso ifufutidwe. Ndinabwerera n'kupukuta choko chija ndi mkono wa malaya.

Nthawi yomweyo alamu anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndi iwo amene anandigwirira makwerero pamene ndinkapaka pa shopu ya wometa tsitsi, yoyandikana ndi yanu. Ankaseka, akuti kodi nkhunda zanga zimaopa singano, poti zadumpha khomo lawo. Ndinayankha kuti penti yatha. Chitini chinali chisanafike n'pakati pomwe. Sindinawachenjeze ngakhale ndi liwu limodzi, koma tiyi amene anandithirira ndinamwa.

Lamlungu masana iwe unali kuchipatala ndi mwana, ndiye sunaone. Tinatuluka m'tchalitchi tili gulu, a Lipenga patsogolo. Anthu a m'gulumo sanali achilendo ayi. Anali wometa tsitsi yemweyo, dalaivala wa basi uja, ndi amayi a kwaya amene alamu anawasokera yunifomu. Pa shopu iliyonse ankakweza maso. Pali nkhunda, akudutsa. Palibe, akuthira petulo n'kuyatsa. Ankaimba nyimbo ija tinaimba pa maliro a bambo.

Alamu anali atathawa kale, koma anabwerera kukatenga makina osokera. Chitsulo chinali chitatentha, ndipo ndi mmene manja aja anapsera. Inde, ndinalowa ndi kuwakoka. Koma bambo okalamba okonza mawotchi a pakona paja palibe anawakoka, ndipo nawonso khomo lawo ndinalidumpha ndine. Amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sananene kuti munthu woyatsa nawo moto azitamidwa chifukwa wabwera ndi kapu ya madzi.

Zaka khumi ndi ziwiri amuna ako ankapemphera mwawo, ife mwathu. Mpopi unali umodzi, ndipo ana ankadyera m'mbale imodzi. Palibe amene chikhulupiriro chake chinachepa. Mkazi wanga, nditamuululira, anangoti Mulungu akadafuna kuwotcha anthu sakadachita kubwereka machesi kwa ife.

Apolisi anajambula zitseko zonse. A Lipenga atumiza uthenga kuti akandifunsa ndinene kuti nkhundazo ndinapaka chaka chatha, ndipo wopereka abale kwa akunja ndi wotembereredwa. Ine ndatopa ndi mantha. Mndandanda uja ndinasunga, wolembedwa ndi dzanja la mkulu wa mpingo mwiniwake. Lolemba m'mawa ndikaupereka ndekha kupolisi. Mwina anditsekera, ndipo n'koyenera. Mpingo undichotsa, ndipo shedi yanga sindikudziwa ngati ikhalapobe.

Zonsezo sizikundiopsa ngati iwe. Ndinakubereka kumsana uli khanda, ndipo pa ukwati wako, abale ena atakana kubwera chifukwa cha chipembedzo, ndine ndinakuimira. Sindikanapirira kuti izi ukazimvere m'khoti, pakamwa pa munthu wina.

Sindikupempha kuti undikhululukire, poti sindikudziwa ngati ine ndikanatha. Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi uwawerengere alamu yonse, osadumpha za makwerero ndi tiyi. Akanena kuti dzina langa lisamvekenso m'nyumba mwanu, uwamvere, usandiikire kumbuyo. Za ana uone wekha tsiku lowauza, koma asakule akudana ndi aliyense wa m'tchalitchi chifukwa cha malume awo.

Mulungu, m'dzina lililonse limene mumamuitanira m'nyumba mwanumo, akusungeni ndi kuchiza alamu. Upereke moni kwa apongozi ako ndi onse amene akulandirani. Amayi akuti uwalembere. Iwo sindinawauze, ndiwauza ndikangoponya kalatayi.

Ndine mlongo wako,
ngati ukali kulola kuti ndidzitchule choncho.