Masokosi a Adada

Gulu: za adada (Suwi, Lumbani, Thandie)

Lolemba, 17 June

09:14 Suwi: mlamu, adokotala akufunsa kuti chilonda cha kuphazi kwa adada chinayamba liti. akufuna tsiku

09:16 Thandie: alamu ine sindikudziwa. fungo ndalimva dzulo pochapa masokosi awo, ndi pomwe ndinakuimbirani

09:17 Suwi: mukukhala nawo nyumba imodzi ku Area 25 chimwalirire amama. phazi lawo simunalione olo kamodzi?

09:33 Thandie: (uthenga wa mawu, 0:41) Alamu, ine madzi osamba ndimasiya pakhomo pa chipinda chawo, ndigogoda, ndichokapo. Akamatuluka amakhala atavala kale masokosi ndi nsapato, ngati akupita ku sesheni ya akulu a mpingo. Mankhwala a shuga ndimawaikira pa mbale, sanaphonyepo. Tiyi wawo ndi wopanda shuga. Koma mapazi a apongozi aamuna ine ndingawayambe bwanji?

09:35 Suwi: pa 6 March a nurse Angella ananena ku clinic kuti mapazi awo achita dzanzi, samva kanthu, wina aziwayang'ana madzulo aliwonse. ndinalemba pompano. inu munati chabwino. achimwene anaika 👍

09:36 Thandie: ndimayesa mumawaona inu mukabwera Lamlungu

09:36 Suwi: Lamlungu ndimawapeza ali mu suti

11:52 Suwi: aulula. pa 5 June kunazizira, anakhala pafupi ndi mbaula akumvera wailesi. phazi linapsa osamva. mmawa anaona matuza, anapaka mankhwala otsukira mano nkuvala sokosi. akuti sanafune kuvutitsa mkazi wa mwana wawo

11:55 Suwi: achimwene muli kuti? zala ziwiri zada bii. akuti azidule Lachitatu kuti phazi lipulumuke

16:20 Lumbani: ndili pa port ku Dar, truck sinapakire. zala zake zingati? musamandiopseze ndili pa msewu

16:21 Suwi: ziwiri. chachikulu ndi chinzake

Lachiwiri, 18 June

08:05 Suwi: akana kusaina. akuti za thupi lawo akamba ndi mwana wamwamuna maso ndi maso. ine akuti ndiziwapatsa phala basi

08:06 Suwi: imbani muwauze asaine. mawu anu okha

08:40 Suwi: (foni yosayankhidwa)

12:15 Lumbani: ndalankhula nawo. akuti akumva bwino, sichikupweteka nkomwe

12:16 Suwi: sichingapweteke. vuto lake ndi lomwelo

12:19 Lumbani: Suwi, munthu wamkulu sitidula ngati chinangwa. ndifika Loweruka tikambirane ngati banja. mnzanga pano akuti kuli mafuta ena amapoletsa zilonda za shuga, ndibwera nawo

12:20 Suwi: adokotala anati Lachitatu. sananene Loweruka

12:44 Thandie: bambo a Chiku plz mverani alamu. fungo lija lafika pa bedi la pafupi, anthu akusuntha

12:47 Lumbani: iwe ndiye ukhale chete. munthu kuwola mnyumba mwako iwe uli pompo?

13:30 Thandie: tsiku lomwe adada anafika kuchokera ku Rumphi munandikhazika pansi. munati kwanu mkamwana, mkazi wa mwana, salowa kuchipinda kwa apongozi, sakhala nawo pafupi, sawayang'ana kumaso. ndasunga zonse. palibe chomwe ndinaphwanya

13:31 Thandie: mwawerenga, ndaona

Lachinayi, 20 June

07:48 Suwi: Lachitatu ladutsa. thupi latentha, 39.2. kuda kwafika pakati pa phazi. awaika drip

07:50 Suwi: usiku akuti amaitana amama. amafunsa ngati aikapo madzi osamba

10:02 Suwi: achimwene

14:37 Suwi: achimwene

17:10 Lumbani: network. tili pa line ku border, ma truck sakuyenda. Loweruka ndithu

17:12 Suwi: (uthenga wa mawu, 1:05) Mverani zomwe achita adada anu lero. Atatsitsimuka pang'ono anandituma kuti ndiwatengere jekete ndi nsapato zakuda zija. Akuti ndikawagulire tikiti ya basi, akagone kwawo pafupi ndi amama ali athunthu, monga anabadwira. Ndawauza kuti nsapato silowa. Ayesa okha, achimwene, wodi yonse ikuyang'ana. Italephera anaiika pa chifuwa nkutembenukira kukhoma. Munthu amene ankayenda wapansi kuchoka ku 25 mpaka ku Kanengo ndi kubwerera, zaka zonse zija ali pa ntchito, asanakakhale ku Rumphi.

17:40 Lumbani: ndamva

Loweruka, 22 June

09:20 Thandie: bambo a Chiku mwafika pati? ndabweretsa phala koma sakudya

13:05 Lumbani: Karonga. tayala laphulika

13:06 Suwi: si za zala tsopano. akuti mwendo, mmunsi mwa bondo. akachedwanso ndiye magazi onse aonongeka

13:09 Lumbani: dzana munkati zala

13:09 Suwi: Lolemba ndinati zala. lero ndi Loweruka

Lolemba, 24 June

10:26 Suwi: mlamu, asaina. achimwene afika, agwada pambali pa bedi, angoti adada sainani. mawu awiri. cholembera anagwira okha

10:28 Thandie: mafuta aja abwera nawo?

10:28 Suwi: ali mthumba mwa achimwene. sanawatulutse

15:44 Suwi: atuluka ku theatre. adula. akupuma

15:50 Thandie: ambuye atichitire chifundo. nsapato ija ndichite nayo bwanji, ili mchikwama changa

16:31 Thandie: alamu?

Lachisanu, 5 July

11:12 Suwi: tatuluka, tikubwera pa taxi. chotsani mbaula pa khonde. a nurse anenanso zomwe ananena mu March: phazi latsalali lizisambitsidwa ndi madzi ofunda pang'ono, kupukuta pakati pa zala, kuliyang'ana pansi tsiku ndi tsiku. iwo okha sangathe, maso sakuona bwino

11:13 Suwi: nthawi ino ndikufuna dzina. azichita ndani?

11:40 Lumbani: ine ndinyamuka Lolemba, abwana akuti truck siingagone. Suwi uziyesetsa

11:42 Suwi: ndimatseka shop ku Biwi 5:30. minibus ziwiri. ndifika kwada, iwo atagona. Lachitatu ndi Lamlungu ndingathe. masiku enawo?

11:58 Lumbani: tiona

11:59 Suwi: mu March tinaonanso

Lachiwiri, 9 July

16:48 Thandie: (uthenga wa mawu, 0:58) Alamu, bambo a Chiku, ndalowa. Ndinagogoda monga mwa masiku onse, koma beseni sindinasiye pakhomo. Anati mwananga, kwathu sititero. Ndinati adada, ndikudziwa, mundikhululukire. Ndinagwada nkuwavula sokosi. Sanandikanize. Anatenga chipewa chawo nkudziphimba nacho kumaso mpaka ndinamaliza. Chipewacho chimagwedezeka.

16:50 Suwi: zikomo mlamu. zikomo

16:50 Suwi: lili bwanji phazilo?

16:57 Thandie: (chithunzi)

16:57 Thandie: pachidendene. kachilonda ngati khobidi la K10, mmbali mwake mwayamba kuda. ndawafunsa, akuti sakumva kanthu

16:59 Suwi: mawa 7 koloko ndili pakhomo, tibwerere nawo. musawaveke sokosi

17:03 Thandie: ndawauza. akuti kuchipatala sapitanso mpaka mwana wawo wamwamuna abwere

17:04 Suwi: achimwene mubwera liti?

17:04 Suwi: (foni yosayankhidwa)

17:26 Thandie: bambo a Chiku

Lachitatu, 10 July

07:10 Suwi: ndafika. avala sokosi okha. akhala pa bedi, akuyang'ana ku geti

07:11 Suwi: achimwene, akudikira inu. mawu awiri ngati aja a kuchipatala